Pepala lofinyira chamba: yankho langa kwa mnyamata wa kuno ku Chipata

Kalata ya lero yabwera pa imelo kuchokera kwa mnyamata wa kuno ku Chipata, ndipo dzina lake sindilemba. Iye akuti: "Amai, inu mumadziwa bwino mapepala ophikira makeke. Ndaona pa YouTube anthu akuika chamba pakati pa pepala n'kuchipana ndi zitsulo zamoto mpaka kutuluka utomoni umene amautcha rosin. Kodi kuno kwathu ndingagule pepala liti? Lija la wax paper lingagwire ntchito?"

Mwana wanga, zikomo pondikhulupirira ndi funso limene ambiri sangalitchule pagulu. Za mapepala ndikuuza zimene ndikudziwa, poti ndi nkhani ya m'khitchini ndipo amai ambiri ophika masikono ndi mabanzi amandifunsa zomwezi. Za kafinyidwe ka chamba sindikuphunzitsa, ndipo chifukwa chake sindikubisira.

Mapepala amene amagulitsa m'masitolo akuluakulu a m'tauni amafanana maonekedwe, mabokosi ake aatali omwewo, koma ndi osiyana kwambiri. Limene lalembedwa kuti baking paper kapena parchment paper ndilo lopangidwira moto. Pepala lenileni la parchment popanga amalidutsitsa mu asidi kuti ulusi wake ugwirane, lisamwe mafuta komanso lisasukuluke ndi chinyezi, luso limene linayamba ku Ulaya m'zaka za m'ma 1850. Masiku ano ambiri amalipaka silikoni wopyapyala pamwamba, ndipo silikoniyo ndi amene amachititsa kuti keke isamatirire. Limapirira kutentha kwa madigiri a Celsius pafupifupi 220, ndipo opanga amalemba malire ake pabokosi. Werenga pamenepo usanalipire. Likakhudzana ndi lawi lenileni kapena makala oyaka limapsa ndithu, n'chifukwa chake amene timaphikira pa mbaula, titaika makala pansi ndi pa chivundikiro, timalidula lokwanira m'kati mwa chitini, osasiya m'mphepete mukutulukira kunja.

Wax paper imene watchulayo ndi pepala lopakidwa phula, kawirikawiri la parafini longa la kandulo. Phula limeneli limasungunuka madzi asanafike n'powira pomwe. Ukaliika pamoto limalowa m'chakudya, limafuka utsi, mwinanso kuyaka. Ntchito yake ndi kukulungira zinthu zozizira basi. Palinso greaseproof paper, limene silidutsa mafuta koma lilibe silikoni, ndiye keke imalikakamira ukapanda kupakapo mafuta. Parchment paper loyera ndi lofiirira kusiyana kwake n'kwakuti loyeralo analiyeretsa ndi mankhwala, pomwe lofiiriralo analisiya ndi mtundu wa mtengo wake. Onse awiri amaphika bwino, ngakhale ine ndimakonda lofiirira.

Chimene chimandiwawa kwambiri ndi nyuzipepala ndi mapepala a m'makope. Pita pa msika wa Kapata m'mawa, uona vitumbuwa ndi chinangwa chokazinga zikukulungidwa m'mapepala olembedwa zikadali zamoto, mafuta akusungunula inki. Inki sinapangidwe kuti ilowe m'mimba mwa munthu. Ndikudziwa kuti pepala labwino ndi lodula kwa mai wogulitsa vitumbuwa pa phindu lochepa, koma kudikira kuti zizizire pang'ono kapena kuyala masamba a nthochi oyera kulibe mtengo.

Tsopano za chambacho. Mavidiyo amene ukuonerawo amajambulidwa kumaiko kumene malamulo ndi ena. Njira ya rosin inatchuka ku America cha m'ma 2015, nthawi imene zigawo monga Colorado zinali zitaloleza kale akuluakulu kusuta chamba. Uruguay inaloleza mu 2013, Canada mu October 2018. Ngakhale ku South Africa, khoti lalikulu loona za malamulo oyendetsera dziko linagamula mu September 2018 kuti munthu wamkulu angathe kusuta kunyumba kwake. Wojambula vidiyo ali ku California saopa kugogoda kwa chitseko. Iwe uli ku Chipata, ndipo vidiyoyo sikuuza zimenezo.

Achinyamata ambiri kuno amati boma linaloleza chamba. Mphekesera imeneyi ili ndi pamene inachokera. Mu December 2019 nduna za boma la Zambia zinavomereza kulima chamba kuti chikhale cha mankhwala ndi chogulitsa kunja, ndipo amene analengeza anali a Dora Siliya, omwe panthawiyo anali mneneri wa boma komanso phungu wa ku Petauke. Mu 2021 Nyumba ya Malamulo inakhazikitsa Cannabis Act ndi Industrial Hemp Act, pamodzi ndi lamulo latsopano la mankhwala ozunguza bongo lotchedwa Narcotic Drugs and Psychotropic Substances Act. Koma chimene malamulowa analola ndi kulima ndi kukonza chamba cha mankhwala, cha kafukufuku ndi cha m'mafakitale, ndipo wochita zimenezi akhale ndi laisensi ya boma. Kusuta kongodzisangalatsa, kusunga m'nyumba, kubzala kuseri kwa bafa kapena kufinya utomoni m'chipinda chako, zonsezi zikadali milandu. A Drug Enforcement Commission, amene tonse timawatcha a DEC, akugwirabe anthu m'midzi ndi m'makomboni a chigawo chino cha Kum'mawa. Chamba chimene amachipeza chobzalidwa pakati pa chimanga sichichitira mwini munda chifundo, kaya ndi mnyamata kaya ndi agogo.

Ena amaloza kutsidya kwa malire a Mwami, amvekere ku Malawi n'kololedwa. Kumenekonso n'chimodzimodzi. Lamulo lawo la 2020 linaloleza chamba cha mankhwala ndi cha m'mafakitale kwa okhawo okhala ndi chilolezo cha bungwe la Cannabis Regulatory Authority. Chamba chotchuka chija cha ku Nkhotakota sichinakhale chovomerezeka kusuta chifukwa cha lamulolo, ndipo kuoloka nacho malire ndi kudziwonjezera mlandu wina pamwamba pa woyamba.

Taganiza zimene wapolisi angaone atalowa m'nyumba mwako. Munthu wopezeka ndi ndudu imodzi ali kale pa mavuto. Nanga wopezeka ndi zitsulo zopanira, mpukutu wa mapepala ndi utomoni wokonzedwa m'kabotolo? Amene uja saonekanso ngati wosuta chabe, akuoneka ngati wopanga ndi wogulitsa, ndipo milandu imeneyo ndiyo yolemera. Mbiri ya ku khoti imakutsatira pofuna ntchito ya boma, polowa usilikali kapena upolisi, ngakhale popempha viza. Zaka zimene ukadamaliza nazo maphunziro zimathera ku ndende ya Namuseche.

Ngakhale lamulo litasintha mawa, ndikadakukhazikabe pansi. Rosin si chamba chimene anthu anachizolowera m'midzi. Chimene chimaledzeretsa m'chamba ndi mankhwala otchedwa THC, ndipo kufinya kumasonkhanitsa mankhwalawo pamalo amodzi. Utomoni woterewu kawirikawiri umakhala ndi THC yopitirira theka la kulemera kwake, kuchulukitsa kangapo poyerekeza ndi masamba ndi maluwa ake. Zili ngati munthu wozolowera chibuku kumupatsa kachasu wa mutu m'chikho chomwecho. Madokotala a matenda a maganizo aona kuti chamba champhamvu kwambiri, makamaka chosutidwa tsiku ndi tsiku, chimakulitsa chiopsezo cha kusokonezeka mutu: kumva mau a anthu omwe palibe, kukayikira aliyense kuti akukuchitira chiwembu, kusagona. Chiopsezochi n'chachikulu kwa achinyamata, poti ubongo umapitiriza kukhwima mpaka zaka za m'ma 25, komanso kwa amene kubanja kwawo kuli kale matenda a maganizo. Kwathu kuno mwana akayamba zotere timathamangira kunena kuti amulodza, miyezi n'kumapita tikuyendayenda kwa asing'anga, pamene akadathandizidwa msanga kuchipatala.

M'kalata yako sunanene chimene ukufunira utomoniwo. Ngati ndi chidwi cha mavidiyo chabe, zisiye pomwepo. Ngati ukufuna kugulitsa chifukwa ntchito ikusowa, ndikumva ululu wake, ana athu ambiri amaliza Grade 12 n'kukhala pakhomo, koma malonda amenewa akudyera ufulu wako. Ngati ukuona kuti chamba chili ndi tsogolo pa ulimi, njira yake ndi ya laisensi, kudzera m'magulu a alimi ndi maofesi a boma.

Koma ngati umasuta kale ndipo cha masiku onse chaleka kukukwanira, n'chifukwa chake ukufunafuna champhamvu, chimenecho ndi chizindikiro chakuti thupi lazolowera. Pita ku kiliniki yapafupi kapena ku Chipata Central Hospital ukafotokoze momwe wandifotokozera ine. Akaona kuti pakufunika akatswiri, ku Lusaka kuli chipatala cha matenda a maganizo cha Chainama. A DEC nawonso ali ndi nthambi yophunzitsa ndi kupereka uphungu kwa amene akufuna kusiya. Ngati kupita wekha kukukulemera, tenga amalume ako kapena mnzako amene sasuta akuperekeze.