Mankhwala a "nano" mu oilo wa njinga yamoto: yankho kwa achimwene a ku Santhe

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa achimwene ena oyendetsa kabaza pakati pa Santhe ndi pa boma pa Kasungu. Akuti anaona pa Facebook kabotolo kolembedwa "nano", ndipo wogulitsa akulumbira kuti ukathira mu oilo petulo amachedwa kutha, injini nayo siidyeka. Funso lawo ndi loti: ndigule, kapena n'zakuba?

Achimwene, nzeru yake si yabodza ayi. Koma dikirani kaye.

Tengani lula ya mwana wasukulu, milimita imodzi muiduledule m'zigawo 1 miliyoni. Chigawo chimodzicho ndiye nanomita. Tsitsi limodzi ndi lonenepa mananomita pafupifupi 80,000, pomwe tifumbi ta "nano" timene amati tili m'kabotoloko sitipitirira mananomita 100. Ufa woyera pamenepo uli ngati miyala.

Nanga fumbi lingathandize bwanji injini? Pisitoni mukaiona ndi maso imaoneka yosalala, koma pa makina okuza zinthu ili ndi zitunda ndi maenje ngati msewu wa dzinja. Zitsulo ziwiri zikamakhukhuzana, zitunda zija zimagundana, kutentha, kenako kudyeka, monga mmene makolo ankapekesera moto. Oilo amalowa pakati kuti zisakhudzane. Tifumbiti timalowa m'maenje muja n'kukwirira, tina tozungulira timagubuduzika ngati timipira ta mu bering'i, ndipo tina timamatirira pa chitsulo n'kukhala ngati chikopa choterera.

Zoterera kwambiri ndi zija zokhala ndi mapepalamapepala osanjikizana, amene amatsetsereka ngati makadi atsopano a juga. Mwala wakuda wa mu pensulo uli choncho, ndipo pepala lake limodzi ndi limene limatchedwa graphene. Andre Geim ndi Konstantin Novoselov analipatula ku Manchester mu 2004 pogwiritsa ntchito selotepi wamba, ndipo mu 2010 analandira mphoto ya Nobel. Choterera chinanso chotere ndi molybdenum disulfide, chimene amakaniko amangoti "moly". Girizi wakuda wothira m'ma CV joint a galimoto (mfundo zopereka mphamvu ku matayala) amakhala nacho. Mu 1992 Reshef Tenne wa ku Israel anapezanso kuti tungsten disulfide imatha kupanga timipira tosanjikizana ngati anyezi.

Vuto limayambira apa. Tifumbi timeneti sitisungunuka mu oilo monga shuga mu tiyi. Tili ngati masese a thobwa: timakonda kugwirana n'kupanga zibuluma, kenako n'kudikha pansi. Mu girizi mulibe vuto chifukwa ndi wolimba, amatigwira. Mu oilo wamadzimadzi pamafunika luso la ku fakitale kuti tisadikhe, ndipo kabotolo kopanda dzina la wopanga kapena adiresi sindingakakhulupirire kuti kadutsa m'manja otero. Komanso oilo wabwino amabwera ali ndi mankhwala ake kale, monga ZDDP woteteza zitsulo ndi ena otsuka mwaye. Mlendo mukumuthirayo akhoza kuyambana ndi eni nyumba.

Tsono mvetsetsani ichi, chifukwa chikukhudza inuyo. Njinga zambiri za kabaza kilachi yake imasamba mu oilo yemweyo wa injini, ndipo kilachi imagwira ntchito chifukwa chosaterera. Mukathira mankhwala oonjezera kuterera, mapuleti ake akhoza kuyamba kutsetsereka. Mudzakoka moto pa mtunda, mutanyamula mayi ndi thumba la soya, injini ikulira koma njinga ili phee. N'chifukwa chake pa botolo la oilo woyenera njinga zotere pamalembedwa JASO MA kapena MA2. Oilo wolembedwa JASO MB musiyire a sikuta.

Mwezi wa Okutobala ndinaima pa galaja ina pa boma, makaniko akumasula njinga imene mwini wake ankadandaula kuti ikufuka utsi. Anatulutsa fyuluta ya mpweya, yong'ambika, yofiira psuu ndi dothi. Oilo anatuluka ngati phula, ndipo nditamupekesa pa zala ndinamva mchenga. Mchengawo uli ndi mwala wa quartz, umene umakanda chitsulo. Palibe "nano" akanapulumutsa pisitoni imeneyo.

Ndiye achimwene, ndikanakhala ine, ndalama ya kabotoloko ndikanagula fyuluta yatsopano ndi lita ya oilo wa JASO MA wosatsegula, n'kumasintha msanga nyengo ya fumbi. Mukafuna kuyesa "moly", gulani girizi wake muthire m'mabering'i a ngolo ya ng'ombe kumudzi. Kumeneko kulibe kilachi.