Corolla Yasiya Kukoka pa Zitunda: Tiyambire Pati Kuionjezera Mphamvu?

Mbale wina wa ku Area 25 wandilembera imelo, ndipo mwachidule akuti: "Ndili ndi Toyota Corolla ya 1998, injini ya 5A-FE yopanda turbo, giyabokosi ya automatic. Yayenda makilomita opitirira 240,000. M'tauni muno ilibe vuto kwenikweni, koma ndikanyamula banja kupita kumudzi ku Dedza, pa zitunda imangolira osayenda, moti ngakhale kupitirira thiraki ndimachita mantha. Makaniko wina akuti ndiike fyuluta ya cone ndi ekizosi yaikulu, wina akuti tipale hedi, mnzanga akuti pali chip. Chenicheni choonjezera mphamvu ndi chiti?"

Achimwene, zikomo polemba. Ndalama zanuzo mubazisunga kaye, musagule chilichonse mwa zimene akutchulirani. Galimoto ya zaka zopitirira 25 nthawi zambiri siperewera mphamvu yatsopano ayi. Yomwe inabadwa nayo ija ndiyo yakhala ikutayika pang'onopang'ono, ndipo kuibweza n'kotchipa kuposa kusaka ina yomwe injiniyo sinakhalepo nayo.

Injini ya petulo mphamvu yake imachokera ku mpweya umene yakwanitsa kukoka. Mafuta amangotsatira. Kuti petulo apse bwino, kilogalamu imodzi imafuna makilogalamu 14.7 a mpweya, kutanthauza kuti lita imodzi ya petulo imapsa ndi malita pafupifupi 10,000 a mpweya. Injini yopanda turbo ilibe chouthira mpweyawo mokakamiza; pisitoni ikatsika, mpweya wakunja umalowa wokha monga mwa kulemera kwake. Apa ndi pamene ife a ku Lilongwe timaluzira tisanalize n'komwe galimoto. Mzinda uno uli pa mtunda wa mamita pafupifupi 1,050 kuchokera pa nyanja yamchere, ndipo injini yotere imataya mphamvu pafupifupi 3 peresenti pa mamita 300 aliwonse amene yakwera. 5A-FE ya mu Corolla ya chaka chanucho inkatuluka ku Japan ndi mahosipawa 100 ndi torque (mphamvu yopotokola yomwe imakoka galimoto) ya 137 Nm, kuchokera mu 1,498 cc. Ikangofika kuno, ngakhale itakhala yatsopano, yatsala ndi pafupifupi 90. Ku Dedza, kumene ndi kokwera mamita pafupifupi 1,600, imatsikiranso cha m'ma 84. Muonjezepo anthu asanu, matumba awiri a feteleza m'buti ndi AC yoyatsa, pa galimoto yolemera kuposa tani imodzi pang'ono. N'chifukwa chake galimoto yomweyo mukatsika nayo ku Salima imakhala ngati yatsitsimuka. Zimenezi si matenda, ndipo palibe sipanala ingazikonze.

Zokonzeka ndi zinazi, ndipo poyambira pake ndi compression test, kuyeza mmene pisitoni ikupanikizira mpweya mu silinda iliyonse. Makaniko amene akukamba zopala hedi asanayeze compression, ameneyo akungolota. Injini ikhale yotentha, mapulagi onse anayi achotsedwe, waya wa distributor auzule kuti isalire, inu mupondetse moto mpaka pansi n'kupukusa sitata, iye akuwerenga geji pa silinda iliyonse. Pa injini za banja limeneli Toyota imayembekezera pafupifupi 13.5 kgf/cm², yotsikitsitsa 10, ndipo masilinda asasiyane kupitirira 1. Kuno kumtunda geji imawerenga motsikirapo, choncho 12 asakudetseni nkhawa. Chofunika kwambiri ndi kufanana kwa manambala anayiwo. Silinda ina ikatsalira, athiremo kasupuni kamodzi ka oyilo pa bowo la pulagi n'kuyezanso. Nambala ikakwera, maring'i atha. Ikapanda kusuntha, vuto lili ku mavalavu kapena gasiketi. Ntchitoyi siitenga ola, koma imakuuzani ngati injini yanu ndi yoyenera kuiwonongera ndalama kapena ikufuna kutsegulidwa. Injini yomwe ikutulutsa utsi wa buluu ndi kumwa oyilo, fyuluta ya mtundu uliwonse siingaithandize.

Compression ikakhala bwino, pitani ku timing, kutanthauza nthawi yomwe mavalavu amatseguka ndi yomwe mapulagi amayatsa moto. Lamba wa timing pa injini imeneyi amayenera kusinthidwa pa makilomita 100,000 aliwonse, ndiye kuti wanuyo wagwidwapo kale ndi manja a anthu kawiri kapena kuposa. Akalumphitsa dzino limodzi lokha pomanga, galimoto imalira bwinobwino, imayenda, koma imakhala yaulesi moyo wake wonse, mwini wake n'kumangoti ndi ukalamba. Aone zizindikiro za pa crank ndi pa cam ngati zikukumana. Kenako pali timing ya moto. Mu boneti muli kabokosi kakang'ono kolembedwa DIAGNOSIS; mukalumikiza timabowo tolembedwa TE1 ndi E1 ndi kawaya, timing iyenera kuwerenga madigiri 10 pa nyali yoyezera. Ambiri amangopotoza distributor ndi dzanja n'kumamvetsera ndi khutu, ndipo khutu limanama. Kawaya komweko, kiyi ali pa ON, kamachititsa nyali ya check engine kuphethira manambala a zovuta zomwe kompyuta yasunga. Nyaliyo ngati siyaka n'komwe mukatembenuza kiyi, mwina babu linapsa kapena wina analichotsa pofuna kubisa china chake.

Tsopano nkhani yomwe imandipweteka mtima: thermostat, kavalavu kotsegula ndi kutseka njira ya madzi opita ku redieta. M'magalaja ambiri muno muli chikhulupiriro choti thermostat ndi ya kumaiko ozizira, ndipo galimoto ikangofika kapena ikangotenthako pang'ono, amaichotsa n'kuitaya. Kumeneko n'kulakwitsa kwakukulu. Thermostat ya injini yanu imatseguka pa madigiri pafupifupi 82, ndipo kompyuta imadalira kutentha kwa madzi kuti idziwe mafuta oyenera kupereka. Madzi akamangozungulira ozizira, makamaka m'mawa wa mu June kapena potsetsereka, kompyuta imaganiza kuti injini sinatenthebe ndipo imangothira petulo wambiri. Mapulagi amada, mwaye umadzadza, petulo wosapsa amatsuka oyilo m'makoma a silinda, maring'i n'kumadyeka. Galimoto ikamawira, cholakwa nthawi zambiri chimakhala redieta yotsekeka, fani, pampu ya madzi kapena chitsekerero cha redieta. Onani singano yanu: ngati siifika pakati mutayenda kuchokera ku Area 25 mpaka ku Old Town, bwezeretsani thermostat.

Zotsalazo ndi zing'onozing'ono koma zikaphatikizana zimalemera. Fumbi la mu September ndi October, makamaka kwa ife oyenda misewu ya m'makwalala, limatseka fyuluta ya mpweya msanga, ndipo kuipopera ndi kompuresa kumatha kung'amba pepala lake, fumbi n'kumalowa m'masilinda. Gulani yatsopano. Fyuluta ya mafuta nayo isinthidwe, makamaka ngati munathirapo petulo wa m'zigubu nthawi ya kusowa kwa mafuta. Galimoto yomwe imayenda bwino m'tauni koma n'kumafooka pa chitunda nthawi zambiri imakhala ikuperewera mafuta pamene ikuwafunitsitsa, choncho ayezenso mphamvu ya pampu. Mapulagi akhale enieni a Denso kapena NGK, poti achinyengo ndi ambiri pamsika. Nthambo za mapulagi, kapu ndi rotor za distributor, mipata ya mavalavu, timapaipi ta vacuum tong'aluka, zonsezi aziyang'ane. Catalytic converter, chosefera utsi cha mu ekizosi, ikatsekeka imafooketsa galimoto ikafika pa ma rev okwera, koma ayambe aiyeza asanaigumule. Mukayenda mtunda, imani n'kuyandikitsa dzanja pa wilo lililonse. Limene latentha kuposa anzake, buleki yake ikugwira. Ndipo ngati munaika marimu aakulu okongola aja, dziwani kuti tayala lalitali ndi lolemera limabera galimoto mphamvu yonyamukira.

Giyabokosi yanunso ili ndi mbali yake. Mafuta ake akhale ofiira, osanunkha kupserera. Pali kebulo ya kickdown yochokera pa throttle. Ikakhwepa, giya siitsika mukaponda moto ndipo galimoto imakwera chitunda ndi giya yolemera. Ngati yanu ndi ya magiya anayi, pa ndodo pali batani la O/D, lomwe limalola kapena kuletsa giya yachinayi. Lizimitseni musanayambe chitunda kapena musanapitirire thiraki. Injiniyi torque yake yonse imabwera pa 4,400 rpm (maulendo amene injini imazungulira pa miniti imodzi), ndiye musaope kuimva ikulira. Inapangidwira zimenezo.

Tibwere ku zimene akuuzani zija. Fyuluta ya cone imasintha kaliridwe, ndipo phokosolo limapusitsa munthu kuti galimoto yayamba kuthamanga. Koma ikaikidwa poyera mu boneti imakoka mpweya wotentha wa pafupi ndi injini, pomwe bokosi la Toyota lija limakoka wozizirirapo wa kutsogolo. Mpweya ukatentha ndi madigiri 10, umapepuka ndi 3 peresenti, ndiye mwalipira ndalama kuti muchotse mphamvu. Zambiri mwa zotchipazo sizisefanso fumbi bwino. Kuno kwathu, ayi ndithu.

Ekizosi ili ndi kaphindu pang'ono ikapangidwa mwanzeru: manifold ya 4-2-1 ndi paipi ya mainchesi awiri ndi zokwanira pa injini ya 1.5. Chipaipi chachikulu chimachedwetsa utsi, galimoto n'kufooka pa ma rev otsika, pomwe inu mukuifunira mphamvu. Ngakhale zitayenda bwino, muyembekezere mahosipawa owerengeka ndi zala za dzanja limodzi. Za chip, kachipangizo kosintha zochita za kompyuta ya injini, ndisatalikitse: kompyuta za Toyota za zaka zimenezo sizilembedwanso pulogalamu ngati za masiku ano, ndipo tizipangizo totchipa ta pa intaneti nthawi zambiri timangonamiza sensa ya kutentha kwa mpweya kuti galimoto izimwa kwambiri.

Kupala hedi kuli ndi nzeru yake, poti kumachepetsa malo amene mpweya umapanikizidwira n'kukweza compression ratio. Compression ratio ya 5A-FE ndi 9.8:1, ndipo kuikweza pang'ono kumabweretsa mphamvu ina, mwina 2 kapena 3 peresenti. Mpweya wopepuka wa kuno komanso ethanol wa ku Dwangwa ndi ku Chikwawa yemwe amasakanizidwa mu petulo wathu zimathandiza kuti injini isagogode msanga. Koma tsiku lomwe mwatsikira kunyanja kukutentha, mutanyamula katundu, mpata umenewo umachepa, ndipo kugogoda kumaswa mapisitoni. Chitsulo chopalidwa sichibwereranso. Ine ndimavomereza kupala hedi pokhapokha yatsegulidwa kale pa chifukwa china, ndipo apale pang'ono pongoiwongola, agayenso mavalavu kuti azitseka bwino. Kutsegula injini yabwinobwino chifukwa cha 3 peresenti, sindingakulangizeni.

Zoona zake n'zakuti hedi ya FE Toyota anaipanga kuti izisunga mafuta ndi kukhalitsa, ndipo ntchito imeneyo imaigwira bwino kwambiri. Ngati mwakonza zonse zija koma mtima ukufunabe zambiri, njira zomveka ndi ziwiri. Yoyamba ndi kuika giyabokosi ya manual ya magiya asanu. Siionjezera mphamvu ya injini, koma imachepetsa yotayikira m'njira ndipo giya mumasankha nokha. Kusiyana kwake pa chitunda mudzakumva kuposa fyuluta, ekizosi ndi chip kuziphatikiza. Yachiwiri ndi kusintha injini. Ambiri amalakalaka 4A-GE ya mavalavu 20, yomwe mtundu wake womaliza unkapereka mahosipawa 165, koma mphamvu imeneyo imabwera pa 7,800 rpm, imafuna petulo wa octane yokwera, ndipo zipangizo zake n'zosowa. Kwa munthu wonyamula banja kupita ku Dedza, ine ndingasankhe 7A-FE ya 1,762 cc. Ndi ya banja lomwelo, amakaniko athu amaidziwa, ndipo torque yake, pafupifupi 155 Nm, imabwera msanga. Muigule pamodzi ndi kompyuta yake, mawaya ake onse ndi masensa ake, chifukwa injini yoyendetsedwa ndi kompyuta ya injini ina siikhazikika. Za kumangirira turbo pa injini ya makilomita 240,000 tisakambe n'komwe. Ndalama zake mukhoza kugulira galimoto ina.

Mukasintha injini, nambala yake yatsopano ikalembetsedwe ku Road Traffic kuti igwirizane ndi blue book, ndipo a inshuwalansi muwadziwitse. Sungani lisiti la kumene mwaigula. Mabuleki, mashoko ndi matayala zikonzedwe injiniyo isanalowe, chifukwa msewu wa M1 uli ndi njinga, ana a sukulu ndi ziweto, ndipo galimoto yomwe yaonjezera liwiro iyeneranso kutha kuima.

Sabata ino pitani mukayezetse compression, muonetsetse timing ndi thermostat. Manambala anayi a masilindawo muwalembe papepala momwe atulukira, silinda 1 mpaka 4, munditumizire pamodzi ndi ma code amene nyali ya check engine yaphethira, ndipo mundiuzenso saizi ya matayala amene mwavala.