Zotsatira za magazi a mathole otsokomola: kodi zikunena chiyani?

Achimwene, mwafunsa kuti mathole amene mukuweta pa famu ina kunja kwa Johannesburg akutsokomola ndi kutuluka mamina, ndipo zotsatira za magazi zasonyeza mavairasi anayi nthawi imodzi, choncho mukuopa kuti khola lonse latha. Mtima ukhale m'malo.

Kuyeza kumeneku, kumene madokotala a ziweto amakutcha multiplex, kumagwiritsa ntchito magazi ochepa a ng'ombe imodzi pofufuza matenda angapo pamodzi, makamaka mavairasi anayi otchedwa IBR, BVD, BRSV ndi PI3, amene amafooketsa mapapo mpaka mabakiteriya ngati Mannheimia haemolytica atapeza mpata woyambitsa chibayo. Koma chimene amapeza m'magazimo si vairasi yeniyeniyo ayi, ndi asilikali a m'thupi, ma antibody, amene amangochitira umboni kuti thupilo linakumanapo ndi mdaniyo. Thole limene linayamwa bwino mkaka woyamba wachikasu uja limatenga asilikali a mayi wake, ndipo amatha kukhalamo mpaka miyezi 6. Ng'ombe yobayidwa katemera nayonso imaonetsa chimodzimodzi ngakhale ili bwinobwino.

N'chifukwa chake ine sindikhulupirira magazi otengedwa kamodzi kokha. Pemphani dokotala atenge magazi tsopano, mathole akadali otentha thupi kupitirira madigiri 40, kenaka atengenso kwa mathole omwewo pakatha masabata awiri kapena atatu, ndipo vairasi imene asilikali olimbana nayo achuluka kanayi kapena kuposa ndiye yalowa m'kholamo. Lembani nambala ya pakhutu pa kabotolo kalikonse, musunge pozizira, popeza ma labotale ngati a ku Onderstepoort, kumpoto kwa Pretoria, sangakuthandizeni ndi magazi ofundira m'galimoto.

Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ndi BVD. Thole limene linatenga vairasiyi lili m'mimba, miyezi inayi yoyambirira ya bere, silipanga asilikali olimbana nayo, kotero pa pepala la zotsatira limaoneka ngati lilibe matendawa pamene likufalitsa matenda moyo wake wonse. Kawirikawiri ndi kaja konyentchera, ka ubweya woyimirira, kotsalira m'mbuyo anzake akamathamangira chakudya. Koteroko kamapezeka podula kachikopa ka khutu n'kukayeza vairasi yeniyeniyo.

Pakadali pano patulani odwala, muchepetse fumbi m'khola, ndipo mukaona dovu lambiri kukamwa ndi kutsimphina, itanani dokotala wa boma tsiku lomwelo, chifukwa zizindikiro zimenezo zingakhale za matenda a zilonda za m'kamwa ndi m'mapazi.