Sitima ya adani pansi pa nyanja amaisaka ndi makutu

Achimwene, mwafunsa kuti asilikali apamadzi amaipeza bwanji sitima ya adani yoyenda pansi pa nyanja, komanso chifukwa chake sagwiritsa ntchito radar, makina oonera zinthu zakutali ndi mafunde a wailesi, monga amachitira ndi ndege. Nkhani imeneyi imandifika pamtima, ndiye mundilole nditalikitseko pang'ono.

Radar m'madzi amchere siyenda, mafunde ake amathera pamwamba pomwepo. Kuwala nakonso sikulowa patali. Chimene chimathamanga bwino m'madzi ndi phokoso, pafupifupi mamita 1,500 pa sekondi, pamene mumpweya limayenda mamita 340 okha. Makina otchedwa sonar amadalira phokosolo. Makinawo amatumiza kaliwu kakuthwa m'madzi, kenaka n'kudikira kuti kagunde chinthu n'kubwerera. Mwachitsanzo, pamene nyanja ya Malawi yazama kwambiri, pafupifupi mamita 700, kaliwuko kakhoza kupita pansi n'kubwerako sekondi isanakwane bwinobwino. Ukadziwa nthawi imene katenga, wadziwanso mtunda.

Nzeruzi zinabwera chifukwa cha maliro. M'chaka cha 1915 sitima ya ku Germany yoyenda pansi pa madzi inamiza sitima yonyamula anthu yotchedwa Lusitania pafupi ndi Ireland, anthu pafupifupi 1,200 n'kufa. Panalibe njira yodalirika yoonera mdani wotere. Katswiri wa ku France, Paul Langevin, anagwiritsa ntchito mwala wa quartz, umene umanjenjemera ukalandira magetsi, ndipo ukagwedezedwa umatulutsanso magetsi. Mu sonar yake, mwala womwewo unkakhala ngati pakamwa, unkakhalanso ngati khutu. A ku Britain anapanga sonar yawo n'kuitcha ASDIC.

Koma pa nkhondo yachiwiri ya padziko lonse anaona kuti zinthu si zapafupi. Sitima yosaka ikafika pamwamba penipeni pa mdani, ASDIC inkamutaya, ndipo mabomba ankagwetsedwa mongoyerekeza, mdani atakhota kale. N'chifukwa chake anapanga Hedgehog, chida choponya mabomba kutsogolo mdani akadamveka.

Chimene chimandichititsa chidwi koposa ndi madzi enieniwo. Amene munasambirapo pozama mukudziwa kuti pamwamba pamakhala pofunda, koma miyendo ikatsika imakumana ndi madzi ozizira. Pamalire amenewo phokoso limapindika, silipitanso molunjika. Woyendetsa sitima wochenjera amangotsika n'kukabisala kunsi kwa malirewo, wosaka uja ali pamwamba osamva kanthu. Athelstan Spilhaus, wobadwira ku Cape Town, anathandiza kupanga kachipangizo koyezera kutentha kwa madzi kuchokera pamwamba kutsika pansi, kuti osaka adziwe pamene pali malirewo.

Palinso vuto lina. Ukatumiza kaliwu kaja, mdani amakumva uli kutali iwe usanamumve, ngati munthu woyenda ndi tochi usiku. Choncho masiku ano ntchito yaikulu ndi kukhala chete n'kumangomvetsera: kulira kwa injini, mapampu, ndi zopalasa madzi zakumbuyo. M'zaka za m'ma 1950 dziko la America linayala maikolofoni pansi pa nyanja ya Atlantic, pansi pa dzina loti SOSUS, kuti lizimva sitima za Soviet Union. Opanga sitima nawo anayamba kuzikuta ndi matailosi a labala ndi kukhazika injini pa zotchinga kuti zisamveke. Mpikisano wake ukupitirirabe mpaka lero.

Zimandipweteka kuti anangumi ndiwo amalipira. Iwo amayenda ndi kupeza chakudya podalira makutu, ndipo m'chaka cha 2000 ena anapezeka atatsakamira m'mbali mwa nyanja ku Bahamas, sitima zankhondo za America zitagwiritsa ntchito sonar yamphamvu m'deralo.

Makutu a m'madziwa athandizaponso mabanja olira. Sitima ya ku Argentina yoyenda pansi pa nyanja, ARA San Juan, itasowa mu November 2017 ndi anthu 44, maikolofoni a pa zilumba za Ascension ndi Crozet, oikidwa kuti azimva kuyesa mabomba a nyukiliya, ndiwo anagwira phokoso limene linalozera osaka dera lake. Anaipeza patatha chaka, mamita pafupifupi 900 pansi pa nyanja.