Mbiri ya amayi anu musakaiwerenge ngati CV

Sabata yathayi ndinalandira imelo kuchokera kwa achemwali ena amene amawerenga zomwe ndimalembazi, dzina sinditchula. Akuti amayi awo anatisiya chaka chatha, mwezi wamawa akukavundukula chiliza ndipo abale asankha iwowo kuti akayankhule za malemu. Mayiwo anagwira ntchito m'mahotela moyo wawo wonse, kuyambira pa risepushoni mpaka kukhala bwana wamkulu wa hotela. Funso ndi loti akanene za ntchito kapena za umayi wawo, chifukwa achimwene awo akufuna maudindo onse atchulidwe, pomwe iwo chomwe amakumbukira n'choti Khirisimasi iliyonse amayi pakhomo panalibe, ndipo mpaka pano zimawawawabe.

Achemwali pepani kwambiri, Mulungu akutonthozeni.

Ine ndikuti zonse ziwiri mukanene, koma osati m'mene timachitira pamaliro ambiri muja, anabadwa chaka chakuti, sukulu anaphunzira kwakuti, analowa ntchito chaka chakuti, asiya ana angapo ndi zidzukulu zingapo, basi wakhala pansi. Zimenezo zinawerengedwa kale tsiku loika lija. Pachiliza misozi imakhala yaphwako, anthu amamvetsera, ndiye apatseni munthu weniweniyo.

Nkhani ya Khirisimasiyo ndiyambe nayo chifukwa ndi imene yakukhalani pamtima. Hotela siitseka achemwali. Tsiku limene ife tonse tili pa holide ndi limene kumeneko kumadzadza, tangoganizani Nkopola, Livingstonia Beach ku Salima kapena Ku Chawe pa 25 December, zipinda zonse zodzadza, bufe yamasana, ana ali pa swimming pool, wina akudandaula kuti madzi otentha sakutuluka, jenereta nayo ikufuna dizilo magetsi akathima. Loweruka ndi maukwati, mkati mwa sabata mawekishopu, kumapeto kwa mwezi kuwerengera katundu m'sitolo mpaka usiku. Ndipo bwana wabwino sangauze mawetala ndi ophika kuti inu gwirani ntchito ine ndikadye mpunga ndi ana anga. Amayi anu ankakhala komweko chifukwa anthu amene ankawayang'anira nawonso anali atasiya ana kunyumba. Izi sizikuchotsa kuwawa kwanu ayi, munali mwana ndipo munkafuna amayi anu, zoona. Koma mukhoza kukanena poyera mopanda kuwanyoza, kuti "amayi tinkawagawana ndi alendo", ndipo fizi yanu inkachokera m'mashifiti omwewo. Ndikhulupirireni pagulupo padzakhala ana a manesi ndi apolisi amene adzagwedeza mutu.

China chomwe achimwene anu akulondola, maudindowo sanali masewera. Tonse tikudziwa m'mene anthu ena ankamuonera mkazi wogwira ntchito ku hotela, wobwera kunyumba usiku atatsitsidwa ndi galimoto ya kuntchito, miseche yake pa mjigo ndi kutchalitchi komwe. Mzimayi kupirira zonsezo, kudutsa risepushoni, kukhala duty manager, mpaka kumasainira bajeti ya hotela yonse, chimenecho chitchulidwe mokweza ndithu. Ndipo ngati anali pampando mu 2020 pomwe Covid inafika, ndege za anthu zitaimitsidwa mu April ndipo misonkhano italetsedwa, ndiye kuti anasenza katundu amene mwina kunyumba sankakuuzani, kuyang'ana anthu amene wagwira nawo ntchito zaka zambiri uku zipinda zili mbee.

Tsono chomwe ndikupemphani ndi ichi. Musanalembe chilichonse pitani kumene ankagwirako, osati ku ofesi ya mabwana yokha, pitani kuseri, kukhitchini, kochapira, kwa azimayi oyala mabedi, kwa alonda pageti. Afunseni kuti madamu anali otani. Kumeneko ndi kumene mukamve zoti anamulipirira wina mayeso a mwana, kaya anamutumiza mnyamata wotsuka mbale ku Malawi Institute of Tourism ku Blantyre lero ndi shefu, kayanso ankakalipa akapeza tambula ili ndi chidindo cha chala. Zolimba mtimazo musazibise, anthu amaseka ndi misozi akamva zoona za munthu amene ankamudziwa. Jambulani mawu awo pafoni akalola, zidzukulu zidzamvera.

Kenako bwererani kunyumba m'maganizo. Ankayala bwanji bedi lanu, ngodya zake zopinda bwinobwino zija? Mlendo akafika mwadzidzidzi ankatani, madzi osamba m'manja, thaulo loyera, funso loti mwadya? Akavula yunifomu n'kumanga chitenje, nsapato zazitali zili pakhomo miyendo itatupa, ankayamba ndi kuona makope anu kapena kulawa ndiwo? Mudzaona nokha kuti amene ankalandira alendo kuhotela ndi yemweyo amene ankakulerani, manja ake omwewo, ndiye funso loti ntchito kapena umayi lidzatha lokha.

Pa tsikulo musatalikitse, mphindi zisanu kapena zisanu ndi ziwiri zakwana, paja abusa, amfumu ndi akuchikazi ndi akuchimuna onse amafuna mpata. Maudindo ndi zaka zake zilembeni pa pulogalamu kuti achimwene akhutire, inuyo pakamwa mukanene nkhani ziwiri kapena zitatu basi. Lembani papepala zilembo zikuluzikulu, ndipo wina aime pambali panu woti akamalize kuwerenga ngati mawu angakutsamweni. Muitanenso anzawo a kuntchito aja, mmodzi mumupatse mphindi ziwiri ayankhuleko.