Chifukwa chake phungu amathamangira kumaliro kuposa ku Nyumba ya Malamulo

Sabata yatha ndinalandira imelo kuchokera kwa mayi wina wa ku Chilomoni, amene akuti akhala akuvota kuyambira m'chaka cha 1994, koma phungu aliyense amene amamusankha amangofanana ndi amene anamuchotsa: amaonekera pamaliro, amalipirira ana angapo fizi, ndipo tsiku lina amamveka pa wailesi kuti walowa chipani cholamula. Funso lawo linali lakuti, kodi andale athu anabadwa ndi mtima woipa, kapena vuto lili mwa ife ovota?

Amayi, mtima wa munthu uli ndi mbali yake, koma pawokha sungafotokoze chifukwa chimene anthu osiyana zipani, mipingo ndi maphunziro amachitira zofanana akangokhala pampando umodzimodziwo. Akuluakulu amati mbuzi imadya pomwe aimangirira, ndipo chingwe cha wandale ndi malamulo a dziko pamodzi ndi mabungwe amene anapatsidwa mphamvu zoonetsetsa kuti malamulowo akutsatidwa.

Ndiyambe ndi za maliro zomwe mwatchulazo. Miyezi ingapo yapitayo ndinali pamaliro m'dera lina la mumzinda muno, ndipo itakwana nthawi yolengeza chipepeso, mwini mwambo anatsegula kope lake n'kuyamba kuwerenga mayina. Atafika pa dzina la a phungu ananena kuti apereka bokosi, matumba awiri a ufa ndi galimoto yonyamula thupi kupita kumudzi, ndipo bambo wachikulire amene ndinakhala naye pabenchi anandikodola n'kunena kuti, "Ameneyu ndiye munthu." Palibe ndi mmodzi yemwe amene anafunsa zimene phunguyo analankhula pokambirana ndondomeko ya zachuma, ndipo kunena zoona, ngakhale ine sindikanayankha. Phungu amadziwa bwino lomwe kuti kope la chipepeso limawerengedwa pamaso pa khamu la ovota, pamene ntchito yake ya m'makomiti ku Lilongwe imathera m'mapepala.

Chizolowezi chimenechi sichinangomera chokha ngati bowa. Makhansala amene anasankhidwa m'chaka cha 2000 anamaliza nthawi yawo mu 2005, ndipo dziko linakhala lopanda makhansala mpaka chisankho cha patatu cha 2014. Kwa zaka zisanu ndi zinayi, munthu yekhayo wosankhidwa amene anthu akanamudandaulira za mjigo wowonongeka, ngalande yotsekeka kapena mlatho wokokoloka anali phungu. M'zaka zomwezo munabwera thumba la chitukuko cha m'madera la CDF, limene linamangirira dzina la phungu ku midadada ya sukulu ndi milatho, ndipo mu 2010 lamulo la maboma aang'ono linasinthidwa kuti aphungu azivota nawo m'makhonsolo. Pamene makhansala ankabwerera, anapeza kuti anthu anazolowera kale kugogoda pakhomo lina. Lamulo la zipani la 2018 linaletsa kupereka mphatso pofuna kukopa ovota, koma lamulo lopanda womulanga wolakwa silimuopsa munthu amene akuona mnzake wopikisana naye akugawa nsalu ndi ndalama poyera.

Nkhani yosinthasintha zipani ndiyo ikusonyeza bwino kwambiri mphamvu ya chingwe chija. Malamulo aakulu a dziko amene tinayamba nawo mu 1994 anali ndi gawo 64, limene linkapatsa anthu mphamvu zochotsa phungu wawo nthawi yake isanathe, koma aphungu analichotsa mu 1995, lisanagwire n'komwe ntchito. Chimene chinatsala ndi gawo 65, limene limati phungu amene anasankhidwa ali m'chipani china akachoka n'kulowa chipani china cha m'Nyumbamo, Sipikala alengeze kuti mpando wake uli wopanda munthu. Papepala lamuloli n'lokhwima ndithu, koma taonani amene anapatsidwa chikwapucho: Sipikala amasankhidwa ndi aphungu omwewo, ndipo chigamulo chake chikhoza kuimitsidwa ndi chiletso cha kukhoti.

Tinaziona zimenezi pamene a Bingu wa Mutharika, atapambana mu 2004 pa tikiti ya UDF, anatuluka m'chipanicho mu 2005 n'kuyambitsa DPP, ndipo aphungu ambiri anawatsatira. Khoti lalikulu la apilo linagamula mu 2007 kuti gawo 65 n'lovomerezeka, koma chimene chinatsatira ndi kukokanakokana, otsutsa akuti sakambirana bajeti mpaka gawolo litagwira ntchito, boma likuti bajeti iyambe ndiyo, ndipo aphungu osamukawo anafika nayo mipando yawo pa chisankho cha 2009. A Bingu atamwalira mu April 2012, mtsinje womwewo unatembenuka n'kuyamba kuyenderera ku People's Party ya mayi Joyce Banda. Wandale aliyense anatolapo phunziro lake, ndipo n'chifukwa chake mpaka lero mumamva mawu aja akuti, "Anthu a kwathu andituma kuti ndigwire ntchito ndi boma." M'mawu amenewa muli choonadi china chowawa, chifukwa ndalama zambiri za chitukuko zimagawidwa ku likulu, ndipo phungu amakhulupirira kuti msewu umafulumira kufika kwa amene ali pafupi ndi mphika. Onjezerani apa aphungu oima paokha, amene anali 52 mu 2014 ndi 55 mu 2019 mwa mipando 193. Ambiri mwa iwo amakhala oti anakhumudwa ndi zisankho za chipulula m'zipani zawo, ndipo popeza sanalowe m'Nyumbamo pa tikiti ya chipani, njira yawo yosamukira imakhala yosalala.

Mwina mufunsa ngati lamulo lingasinthedi khalidwe la munthu wamkulu. Kumbukirani zotsatira za chisankho cha pulezidenti cha 21 May 2019, zimene zinalengezedwa kuno ku Blantyre: a Peter Mutharika anapeza mavoti pafupifupi 39 pa 100 aliwonse, a Lazarus Chakwera 35, ndipo a Saulos Chilima 20. Pa nthawiyo wopambana anali amene waposa anzake, ngakhale ndi voti imodzi, choncho mtsogoleri aliyense ankaona kuti akhoza kulowa m'boma podalira chigawo chake ndi mavoti ochepa a kwina. Pa 3 February 2020 oweruza asanu anathetsa chisankhocho ndi kumasulira kuti wopambana ayenera kupeza mavoti oposa theka, ndipo khoti la apilo linagwirizana nawo mu May chaka chomwecho. Patangopita masabata ochepa chigamulo cha February chiperekedwe, a Chakwera ndi a Chilima, amene miyezi yochepa m'mbuyomo ankalimbana pamisonkhano, anaima limodzi mu mgwirizano wa Tonse, pamene DPP inagwirana manja ndi UDF. Anthu ake anali omwewo, ndipo sindikhulupirira kuti anabadwanso mwatsopano m'miyezi 13 imene inadutsa kufika pa chisankho cha 23 June 2020. Chimene chinasintha ndi masamu a mavoti. N'chimodzimodzinso mu 2002, pamene ganizo lochotsa malire a nthawi ya pulezidenti linagwa m'Nyumba ya Malamulo ngakhale aphungu ambiri analivomereza, chifukwa kusintha malamulo aakulu kumafuna magawo awiri mwa atatu a aphungu onse.

Ovota sindikuwachotsera mlandu wonse, amayi, chifukwa ndife amene timaomba m'manja tikalandira nsalu, koma n'kovuta kudzudzula banja limene lilibe inshuwalansi ya maliro chifukwa choyamikira amene wabwera ndi bokosi. Dziwaninso kuti lamulo la mavoti oposa theka limakhudza pulezidenti yekha, pamene phungu ndi khansala amapambanabe pongoposa anzawo. M'dera limene mwaima anthu khumi, munthu akhoza kulowa m'Nyumba ya Malamulo ngakhale ovota ambiri atamukana, bola asunge kagulu kake kokhulupirika, ndipo mabanja amene anawagulira bokosi m'zaka zisanu ndi ena mwa anthu amene amawadalira kuti adzadzuka m'mamawa kukaima pamzere.