Kodi kuyeza antchito onse asananyamuke n'kokwanira?

Mayi wina amene amayang'anira za antchito ku bungwe lina kuno ku Lilongwe watilembera imelo. Antchito awo amapita m'maboma pafupifupi sabata iliyonse, ku Mchinji, Dedza ndi Salima, ndipo mwa apo ndi apo mmodzi amakwera ndege kupita ku Johannesburg kapena Nairobi. Abwana awauza kuti alembe ndondomeko ya maulendo yodzagwira ntchito mliri wonga wa COVID-19 ukadzabukanso. Funso lawo ndi ili: "Ndikaika lamulo loti aliyense aziyezedwa asananyamuke, kodi ndathana nazo?"

Ayi mayi, simunathane nazo. Lamulolo ndi labwino ndipo liikeni, koma kuyeza kumangokuuzani za munthuyo pa tsiku limene wayezedwa basi. Kachilombo ka COVID-19 kakalowa m'thupi kamatenga masiku 2 mpaka 14 kuti munthu ayambe kumva kudwala. Kwa ambiri anali masiku 5, ndipo mtundu wa Omicron umene unadziwika mu Novembala 2021 unkafulumira, pafupifupi masiku 3. Ndiye wantchito amene anachezera pa maliro Loweruka n'kuyezedwa Lolemba m'mawa akhoza kupezeka alibe, n'kudzayamba kutsokomola Lachitatu ali ku Salima, atayenda kale m'galimoto imodzi ndi anzake anayi.

Njira zoyezera zilipo ziwiri ndipo ntchito zake n'zosiyana. Ya PCR imachitikira ku labotale, imapeza kachilombo ngakhale kali kochepa kwambiri, koma zotsatira zimatenga tsiku kapena kupitirira. Vuto lake lina ndi loti munthu amene anadwala n'kuchira akhoza kumapezekabe nako kwa masabata angapo, ena mpaka miyezi itatu, chikhalirecho sakupatsiranso aliyense. Wotereyu musamuletse ulendo chifukwa cha PCR yokha, dokotala ndiye aweruze ndi kumulembera kalata. Njira yachangu ya antigen imatulutsa zotsatira pa mphindi 15 mpaka 30. Imagwira bwino munthu akakhala ndi tizilombo tambiri, makamaka sabata yoyamba ya kudwala, koma matenda akakhala kuti angoyamba kumene imatha kuwaphonya. Pa maulendo a m'dziko muno ife timalangiza ya antigen, m'mawa wa tsiku lonyamuka, munthu asanakwere galimoto. Yoyeza Lachisanu ulendo uli wa Lolemba ilibe phindu.

Zida za antigen zimaonongeka mosavuta, ndipo apa m'pamene maofesi ambiri amalakwitsa. Zambiri zimayenera kusungidwa pa madigiri 2 mpaka 30. Bokosi losiyidwa m'galimoto yotseka mawindo masana a Okutobala limapsa kupitirira apo, ndipo likhoza kumaonetsa kuti munthu alibe pamene ali nako. Onani tsiku lotha ntchito pa bokosi. Donthezani madontho pa chidacho monga mwa chiwerengero cholembedwa pa kapepala ka m'katimo, chifukwa makampani amasiyana. Kathonje kazungulire bwino m'mphuno zonse ziwiri ngati malangizo akutero, osangokhudza pakhomo pa mphuno poopa kuyetsemula. Pa chidacho pali zilembo C ndi T pomwe mizere imatulukira. Mzere wa pa C ukapanda kutuluka, kuyezako sikunatheke, bwerezani ndi chida china. Mzere wa pa T ukaoneka, ngakhale wozimiririka chotani, munthuyo ali nako. Ndipo nthawi yowerengera ikadutsa, chidacho chitayeni, mzere wotuluka patatha ola umanama. Sankhani anthu awiri mu ofesi, aphunzitsidwe ndi wachipatala, ndipo akhale iwowo oyeza nthawi zonse.

Tsopano galimoto. Kachilomboka kamayenda kwambiri mu mpweya, pamalo otsekeka pamene anthu akhalitsa. Ulendo wa ku Blantyre kapena Mzuzu ndi wa maola anayi kapena asanu, anthu ataunjikana, mawindo atatseka chifukwa cha fumbi kapena chisanu cha mu Juni. Chepetsani okwera, pampando wakumbuyo pakhale awiri m'malo mwa atatu. Mawindo awiri opingasana, lina kutsogolo lina kumbuyo, akhale otsegula pang'ono ulendo wonse. Choziziritsira chikayatsidwa, chikhale chokoka mpweya wakunja, batani lozunguliza mpweya wam'kati lizimitsidwe. Masiki avalidwe mophimba mphuno ndi pakamwa, ndipo pakhale ena apadera chifukwa masiki akanyowa ndi thukuta sagwiranso ntchito bwino. Sanitayiza akhale wa alcohol wosachepera 60 peresenti. Kudya kuchitikire panja, galimoto itaima, osati kuvula masiki nonse m'katimo kuti mudye chipisi cha pa Dedza.

Musaiwale dalaivala. Ndondomeko zambiri zimalembedwa poganizira maofesala okha, pamene dalaivala ndi amene amayenda maulendo onse, sabata ino ndi gulu ili, sabata yamawa ndi lina. Iye akadwala, ofesi yonse yakhudzidwa. Ayezedwe mofanana ndi wina aliyense, agone chipinda chakechake, ndipo pamene mliri wakolera yesetsani kuti dalaivala mmodzi aziyenda ndi gulu lomwelomwelo. Nkhani yonyamula matola panjira iletsedwe mochita kulemba.

Koma chimene chingagwetse ndondomeko yanu yonse ndi alawansi. Tonse tikudziwa kuti kwa antchito ambiri ndalama ya ulendo ndi imene imathandiza pa lendi ndi fizi ya ana. Munthu amene akudziwa kuti akanena za mutu ndi chimfine ataya alawansi ya masiku asanu, amamwa panado usiku n'kubwera m'mawa akumwetulira. Choyezera kutentha thupi cha pageti sichingamugwire. Si kuipa mtima, ndi mavuto a pakhomo. Choncho lembani momveka kuti wotsala chifukwa chodwala kapena chokhudzana ndi wodwala salandira chilango, malipiro ake sadulidwa, ndipo ulendo wotsatira adzakhala woyamba kuganiziridwa. Amene wadwalira kuulendo apitirize kulandira ya malo ogona ndi chakudya masiku onse amene wabindikira. Abwana akaona ngati izi n'zodula, akumbutseni za Januwale 2021, pamene dziko linataya nduna ziwiri, a Sidik Mia ndi a Lingson Belekanyama, pa tsiku limodzi, ndipo Bingu National Stadium inasanduka chipatala chifukwa malo anachepa. Akumbutseninso kuti lamulo la Occupational Safety, Health and Welfare Act la 1997 limaika udindo woteteza umoyo wa antchito pa olemba ntchito. Ndalama zoyezera pa ulendo wa ntchito zichoke ku ofesi.

Za maulendo akunja, malamulo amasintha msanga nthawi ya mliri, ndiye afufuzeni sabata imodzi ulendo usanafike ndipo muwaonenso kutatsala tsiku limodzi. Muone a dziko limene mukupita, a dziko limene mukusinthira ndege monga Addis Ababa kapena Nairobi, a kampani ya ndege, ndi olowera kuno pobwerera. Nthawi ya COVID-19 mayiko ambiri ankafuna chiphaso cha PCR cha maola osapitirira 72, ena 48. Kawirikawiri maolawo amawerengedwa kuyambira pamene anakutengani za m'mphuno, osati pamene zotsatira zatuluka. Ngati lamulo lili la maola 72 ndipo ndege ikunyamuka pa Kamuzu International Airport Lolemba 2 koloko masana, kuyezetsa Lachisanu m'mawa ndi kufulumira, chiphasocho chikhala chitatha. Muyenera kuyezetsa Lachisanu 2 koloko itadutsa kapena Loweruka, ndiye funsiranitu ngati labotale imagwira ntchito ndi kutulutsa zotsatira kumapeto kwa sabata, komanso ngati ili pa mndandanda wa ovomerezeka ndi Unduna wa Zaumoyo. Dzina ndi nambala ya pasipoti pa chiphaso zifanane ndendende ndi za m'pasipoti, chilembo chimodzi chikalakwika munthu amabwezedwa. Asindikize mapepala awiri, foni imatha moto. Odutsa pa chipata cha Mchinji, Dedza, Mwanza kapena Songwe awerengerenso maola a panjira ndi odikira pachipata. Khadi la katemera liziyenda limodzi ndi pasipoti. Ziphaso zogula zachinyengo ziletsedwe kotheratu, ndi mlandu ndipo ziika miyoyo ya ena pachiswe.

Wina akadwala ali kuulendo, asiye ntchito nthawi yomweyo, avale masiki, akhale m'chipinda chayekha, ndipo apite ku chipatala cha boma limenelo. Kuno kwathu aliyense wotentha thupi ayezedwenso malungo tsiku lomwelo. Zizindikiro zimafanana, matenda awiriwa amatha kubwera pamodzi, ndipo malungo sadikira. M'thumba la ulendo mukhale kachipangizo kopanitsa pachala koyeza mpweya wa m'magazi. Kakaonetsa pansi pa 94, wachipatala amuone. Kakafika pa 90 kapena pansi, kapena munthu akubanika, kumva kupweteka pachifuwa, kapena kusokonekera mutu, thamangirani naye kuchipatala ngakhale uli usiku. Amene ali ndi shuga, BP, mphumu, amayi oyembekezera ndi opitirira zaka 60 apatsidwe ufulu wokana ulendo popanda kufunsidwa zambiri.

Pobwerera, amene anayenda ndi wodwala asathamangire kuyezedwa tsiku lomwelo n'kumati apulumuka. Agwire ntchito ali kunyumba ngati n'kotheka, ayezedwe pa tsiku lachisanu, kapena msanga akayamba kumva zizindikiro. Antigen ikaonetsa kuti alibe koma munthu akudwala, abwereze patatha maola 48 kapena apite ku PCR. Masiku obindikira musawalembe ngati nambala yokhazikika, lembani kuti mudzatsatira zimene Unduna wa Zaumoyo ndi Public Health Institute of Malawi adzalengeze pa nthawiyo, pakuti mliri wina udzakhala ndi masiku akeake. Sungani kaundula wa ulendo uliwonse, yemwe anakwera galimoto iti, anagona kuti, anakumana ndi gulu liti. Zotsatira za munthu zidziwike kwa inu ndi mwiniwake basi. Pochenjeza anzake, auzeni kuti anakhudzana ndi wodwala pa tsiku lakuti, dzina lake lisaponyedwe pa gulu la WhatsApp la ofesi.